Ufa wa Kondowole m'Makina a Bwana

Ndinapita ku Chintheche nditatopa ndi utolankhani. Ku nyuzipepala ina ku Blantyre ndinakhala zaka zingapo ndikulemba nkhani za misonkhano, ndipo zonse zinkayamba ndi kuthokoza n'kuthera pa kuthokoza. Kampani ina yogula mpunga ndi nsomba zouma m'mbali mwa nyanja itafuna kalaliki, ndinadzipereka, ananditenga. Anali masiku a chipani chimodzi, pamene khadi la chipanicho unkayenda nalo m'thumba la malaya ngakhale popita kukagula mchere.

Kampaniyo inali ndi boti limodzi, logulidwa kwa mzungu wina amene anabwerera kwawo. Kutsogolo kwake kunali chipinda cha mipando iwiri yaitali, mawindo agalasi, ndi makina oziziritsa mpweya. Antchito ankangowatcha filiji ya bwana. Mzunguyo anasiya buku la malangizo la Chingerezi, ndipo bwana manijala, munthu wa ku Thyolo wosavula taye ngakhale kutenthe bwanji, atamva kuti ndinali mtolankhani anandiponyera bukulo patebulo.

"Inu mumawerenga. Kuyambira lero makina aja ndi anu."

Umu ndi mmene ndinasandukira mmisiri wa chinthu chimene ndinali ndisanachikhudzepo.

Ndifotokoze mwachidule mmene makinawo ankagwirira ntchito. Pansi pa boti panali kabowo kokoka madzi a m'nyanja. Madziwo ankadutsa pa kasefa ka m'botolo lagalasi, n'kulowa mu pampu, n'kuzungulira m'mapayipi a mkuwa kuti atenge kutentha kwa makina, kenako n'kutulukira m'mbali mwa boti. M'chipinda, pamwamba pa khoma lakutsogolo, munali bokosi lachitsulo. Fani inkakoka mpweya wa m'chipindamo n'kuudutsitsa pa tizitsulo tozizira, topyapyala, tondandalika ngati mano a chipeso. Tizitsuloto tinkachita thukuta. Thukutalo linkadonthera m'kambale, ndipo kapayipi kakang'ono kankalitayira kunja. Magetsi ankachokera ku jenereta ya kumbuyo. Basi. Madzi a m'nyanja akaleka kuyenda, makina ankatentha n'kuzima okha. Kapayipi ka thukuta kakatsekeka, kambale kankasefukira.

Pansi penipeni pa bokosilo panali chithunzi. Ofesi iliyonse masiku amenewo inkapachika chithunzi cha mtsogoleri wa dziko pamalo apamwamba koposa, ndipo bwana ankati chipinda cha boti ndi ofesi. Malo apamwamba pakhomapo anali amenewo okha. Kuchitsitsa kunali kulakwa, kuchisunthira pakona kunali kuchinyoza, kuchichotsa ndiye osanena.

Woyendetsa botilo anali bambo wina wa ku Tukombo, Mtonga wa imvi, mkulu wa mpingo, amene anayamba kupalasa bwato asanayambe sukulu. Onse ankawatcha a Kapiteni. Ine ndinkati Ada, monga anthu akumeneko amaitanira bambo. Iwo ankanditcha a Nyuzi. Ankakhala m'nyumba ya kampani kuseri kwa mosungira katundu, pamodzi ndi akazi awo odwala miyendo ndi adzukulu apasukulu.

Mavuto anakula mu Okutobala, mchenga ukamawotcha moti ngakhale agalu amaudutsa mothamanga. Makina ankazima pakati pa ulendo, bwana ali m'kati, mawindo otseka. Tsiku lina pochokera ku Kande bwana anatuluka m'chipinda malaya atamatirira kumsana, natiitana tonse awiri, ine ndi Ada. Sananene za kutentha. Anatilozera chithunzi. Pagalasi lake panali mzere wa madzi otuwa, woyambira pamwamba pa felemu n'kuthera paphewa la mtsogoleriyo.

"Sabata yamawa ndikunyamula mlendo wochokera ku likulu la kampani," anatero. "Alinso ndi udindo kuchipani. Tikupita ku Usisya. Muno mukatentha, kapena dontho limodzi likagwera apa iye akuona, a Kapiteni, mukatulutse katundu wanu m'nyumba ija. Za kumene angakutengereni pambuyo pake, ine sindingayankhe."

"Bwana, makinawa ndimasamala ndine," ndinatero.

"Inu mumawerenga buku. Boti ndi la awa."

Ada anavula chipewa, nachivalanso. Ndinapukuta galasilo ndi mpango wanga.

M'mawa mwake tinayamba. Ndinayatsa jenereta, ndinayatsa makina, Ada anawerama m'mbali mwa boti kuyang'ana potulukira madzi.

"Likukodza?" ndinafunsa. Mawuwo anali awo, ine ndinangotengera.

"Ngati nkhalamba. Madontho okha."

Ndinatseka kabowo ka pansi, n'kumasula botolo la sefa. Munali mchenga, tizigoba ta nkhono, ndi makoko a chinangwa, pakuti boti tinkalimangira pafupi ndi mathero a mtsinje kumene amayi ankaviika chinangwa. Ndinatsuka, ndinabwezera, ndinatsegula kabowo. Madontho aja nawonso anasowa. Pampu inkangolira yokha, yotentha moti dzanja silinkakhalapo.

Ndinakhala pansi ndi buku. Linkanena kuti pampu ya mtundu umenewo imakankha madzi koma siikoka mphepo. Mphepo ikalowa m'payipi, imangozungulira pachabe. Ndinamasula pang'ono payipi yotuluka mu pampu. Panamveka kakuti fyuuu, kenako madzi anandithira kumaso. Ndinamanga msanga.

"Eya! Tsopano ndi mnyamata!" anafuula Ada ali kunja.

Masana tinapita ku Tukombo kukatenga matumba a mpunga, komanso kuti tiwayese makinawo. Chipinda chinazizira bwino njira yonse. Ku Tukombo kunalibe doko, monganso ku Kande ndi ku Usisya. Ada anachita zimene ankachita masiku onse. Anayang'ana mafunde, anawonjezera moto pang'ono, anazimitsa injini, ndipo boti linatsetsereka lokha n'kukhazika mphuno pamchenga wouma, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Munthu ankatsika nsapato zili kuphazi. Asodzi a pamenepo ankasiya maukonde kuti aonere zimenezi, ndipo Ada ankadziwa kuti akuonera.

Pobwerera boti silinakodze. Ndinamasula sefa: mchenga. Ndinamasula payipi: mphepo. Apa ndiye ndinazindikira. Mphuno ikakwera pamchenga, kabowo ka pansi kankatsala pa madzi a m'kakolo, funde likabwera kameza mchenga, funde likabwerera kameza mphepo.

"Ada, boti ili si bwato. Likakwera pamchenga limameza mphepo."

"Ndiye ndiziliimika kuti, a Nyuzi? M'mitambo? Doko mwalionako kuno?"

"Pa madzi akuya. Tiziponya nangula."

"Nanga bwana azitsika bwanji? Aziuluka?"

Bukulo linalembedwera anthu okhala ndi madoko.

Tsiku lotsatira tinatsegula bokosi la m'chipinda. Masikuluwu anali adzimbiri, ndipo imodzi inafuna mafuta a injini ndi kupirira. Chivundikiro chitachoka, ndinapeza nsalu yosefa fumbi itauma gwa ngati chikopa. Pakati pa tizitsulo tija panadzaza zinthu zotuwa, zonanda, ndipo m'kambale munali zomwezo mpaka pakamwa pa kapayipi. Buku linkatchula nkhungu ndi fumbi la m'misewu. Izi sizinali nkhungu. Ndinatapa ndi chala n'kununkhiza. Aliyense amene wakhalako sabata imodzi m'boma limenelo amalidziwa fungo lowawasalo.

"Ada, m'makina a bwana muli phala la kondowole."

Anabwera, ananunkhiza.

"Thiranimo shuga," anatero. Koma sanaseke.

Nkhani yake inali yotere. Kumeneko boti lililonse likamanyamuka limanyamula za anthu. Amayi ankabwera kugombe ndi timatumba ta ufa wa chinangwa: aka n'ka mwana wa kusekondale, aka n'ka bambo amene agonekedwa kuchipatala cha ku boma, aka n'ka mtsikana amene wachira kumene. Palibe ankalipira, palibe ankalemba dzina pathumba. Ada ankangoyang'ana nsalu yomangira n'kudziwa mwini wake. Malo okha ouma m'botimo, mwera ukamawomba, anali chipinda cha bwana. Choncho maulendo onse amene bwana sankakwera, chipindacho chinkadzaza ufa mpaka m'mawindo. Ufa wa chinangwa ndi wosalala kwambiri, umatuluka ngakhale m'thumba losokedwa bwino. Unkatsalira m'mipando, m'makona, m'makatani. Bwana akakwera n'kuyatsa makina, fani inkaukoka wonse, thukuta n'kuunyowetsa, ndipo phalalo linkatsikira m'kambale n'kutseka kapayipi. Madzi otuwa a pachithunzi aja anali amenewo.

Za timatumbati aliyense ankadziwa, ine ndemwe, kupatula bwana. Kumuuza chimene chinkawononga makina kunali kuwachotsa ntchito Ada tsiku lomwelo, mlendo asanafike n'komwe. Tinagwirizana kungotsuka.

Ntchitoyo inatitengera tsiku lathunthu. Ndinagula mswachi kugolosale, tinatenthetsa madzi m'ketulo. Vuto linali chithunzi. Kuchichotsa pakhoma sitikanatha, pakuti aliyense wodutsa pagombe akanaona msomali wopanda kanthu. Kuchiphimba ndi chiguduli kunali koopsa kuposa pamenepo. Ndiye Ada anaimirira ndi beseni lochapira, ataligunditsa kukhoma pakati pa bokosi ndi felemu, manja ali m'mwamba, ine nditakwera pampando kutsuka kachitsulo kamodzi kamodzi. Tizitsuloto n'takuthwa. Pofika masana zala zanga zinali zochekekachekeka, ndipo madzi a m'beseni anali ngati otsukira mtondo. Manja a Ada akayamba kunjenjemera ndinkaleka, tinkakataya madzi, tinkapuma, n'kuyambiranso.

"Ku nyuzi kuja ankakuthamangitsani ndani, a Nyuzi, kuti mudzatsuke mano a filiji?"

"Ndinkafuna mpumulo, Ada."

"Mwaupeza."

Kapayipi ka thukuta ndinakabowola ndi waya wa buleki ya njinga, kenako n'kupopera ndi pampu ya njinga yomweyo. Chotsekacho chinatulukira kunja kwa boti chathunthu, chachitali ngati nyongolotsi. Ndinathira kapu ya madzi m'kambale, onse anatuluka. Tinakolopa chipinda, tinakuntha mipando pamchenga, makatani tinachapa. Tinapangana kuti mpaka mlendo atapita, m'chipindamo musalowe ngakhale ufa wodzaza chikhatho.

Masiku otsalawo anali owawa kwa Ada kuposa tsiku la beseni. Amayi ankafika ndi timatumba tawo, iwo n'kumawabweza. Ankalankhula Chitonga, koma ndinali nditakhalitsa mokwanira kuti ndizitolako.

"Mwasanduka mzungu liti, ada?" anafunsa mayi wina. "Mwiniwake wa boti anapita, mwatsala ndinu?"

Wina anangoika kathumba kake pamchenga, nakhala pambali pake mpaka boti linanyamuka osakatenga.

Tsiku la ulendo ndinafika kugombe kukucha. Ndinatsuka sefa, ndinatulutsa mphepo, ndinathiranso kapu ya madzi m'kambale. Zonse zinali bwino. Ndikupukuta manja, ndinaona mayi wina wachikulire akutsika njira ya ku msewu, thumba lalikulu lili pamutu. Anali mlongo wawo wa Ada, wochokera ku Tukombo. Mchimwene wa amuna awo anali atamwalira ku Usisya, ndipo uthenga unafika dzulo lake. Iwo ankadziwa kuti m'boti la bwana sangakweremo. Ankangofuna kuti ufa ukafike pamaliro.

Ada anayamba kufotokoza za makina. Mlongo wawo sanawalole kumaliza.

"Achimwene, ufa wa maliro mukuukana? Tsiku lanu likadzafika anthu adzadya chiyani? Mphepo yozizirayo?"

Ufa wa maliro sukanidwa, ndipo Ada ankadziwa zimenezi kuposa ine. Anayang'ana chipinda, anayang'ana thumba, anandiyang'ana ine. Tinalinyamula n'kukaliika kumbuyo, pafupi ndi jenereta, tinalikulunga ndi lona n'kumanga ndi chingwe. Mlongo wawo anaona pamene taliika.

"Linyowa pamenepo," anatero.

"A Nyuzi alikhalira."

Mlendo anafika ndi bwana pagalimoto. Anali munthu wamkulu thupi, wa suti yakuda ndi baji pachifuwa. Anakwera pa thabwa la pamtsinje pamene tinkamangira boti, analowa m'chipinda, anayang'ana chithunzi, anagwedeza mutu, nakhala. Bwana anatseka chitseko. Ndinayatsa makina.

Ndinakhala pathumba lija kumbuyo. Ntchito yanga inali kuyang'ana zinthu ziwiri m'mbali mwa boti: madzi otuluka mu pampu ndi madontho a kapayipi ka thukuta. Zonse zinkatuluka. Magalasi a chipinda anayamba kuchita nthunzi kunja, chizindikiro chakuti m'kati mwazizira. Ada anali pachiwongolero osatembenuka, koma kawirikawiri ankatukula chibwano kundifunsa, ine n'kugwedeza mutu.

Tisanafike n'komwe pa boma, mlendo anagogoda galasi. Ndinapita.

"Zimitsani chinthu ichi," anatero. "Chikundilowa m'chifuwa. Tsegulani mawindo, ine ndimafuna mphepo ya Mulungu."

Ndinazimitsa. Ndinatsegula mawindo. Ndikubwerera kumalo kwanga, bwana ananditsatira n'kundigwira pamkono.

"Pobwerera masana adzachifuna," ananong'ona. "Chikhale chokonzeka."

Ndinakawauza Ada. Anamvetsa tanthauzo lake popanda kuwafotokozera: ku Usisya boti silikwera pamchenga.

Titadutsa boma, mphepo ya mpoto inadzuka. Sinali yoopsa, koma boti likamenya funde madzi ankauluka n'kugwera kumbuyo kumene ndinali. Ndinalikhalira thumba, ndinalikumbatira, ndinaliphimba ndi jekete langa. Madzi ankayenda pansi pa lona, pamene sindikanatha kuwaletsa. Chipinda chouma chinali pomwepo, mawindo otsegula, makina ozima, anthu awiri atatambasula miyendo.

Ku Usisya mapiri amatsikira pafupi ndi madzi, ndipo gombe lake ndi mchenga wokhawokha. Anthu anali ambiri, ena odzalandira mlendo, ena a kumaliro amene anamva kuti a Kapiteni akubwera. Anapatuka kuti asiye malo oti boti likhazikepo mphuno monga mwa nthawi zonse. Ada anazimitsa injini patali, nandiuza kuti ndiponye nangula. Madzi pamenepo anali a m'chiuno.

Msodzi wina anabweretsa bwato. Mlendo analiyang'ana, anayang'ana mpata wake wopapatiza woti alowetsemo miyendo, anayang'ana suti yake.

"Ine mu ichi ayi."

Bwana anatembenukira kwa Ada. Ada anavula chipewa, malaya ndi nsapato, anapinda buluku, natsikira m'madzi. Anafulatira boti n'kuwerama. Mlendo anawakwera pamapewa, atagwira mutu wawo wa imvi ndi manja onse awiri, nsapato zake zakuda zikulendewera pachifuwa pawo. Ada anayenda pang'onopang'ono, akufufuza pansi ndi mapazi. Pagombe panalibe woseka. Ambiri mwa anthuwo anali apabanja la kumene mlongo wawo anakwatiwa, ndipo ena ankawadziwa Ada ngati mlaliki wa pamisonkhano ya mpingo. Ada anamutsitsa mlendo pamchenga wouma, anabwerera kudzatenga bwana. Kenako anabwereranso kudzatenga thumba.

Ndinawasenzetsa. Kumunsi kwake kunali kolemera ndi kozizira. Ufa wa chinangwa ukanyowa sukhalanso ufa, umagwirana n'kukhala chibuma. Ada anakalitula thumbalo kwa amayi a kumaliro. Mmodzi anamasula chingwe, analowetsa dzanja mpaka m'chigongono, natulutsa chibumacho. Anachiyang'ana, anawayang'ana Ada amene anali akudontha madzi.

"Yewu, ada," anatero, kuthokoza kwa Chitonga. Anamanganso thumba.

Ada anapempha bwana kuti akagwade pamaliro kanthawi. Bwana anawalola, bola abwere msanga, poti panali anthu awiri ofunika kuwanyamulanso. Ine ndinatsala m'boti. Ndinayatsa makina kuti ndione. Madzi anatuluka bwinobwino, sefa inali yoyera, chithunzi chinali chouma. Ndinazimitsa.

Pobwerera mlendo anadya nkhuku imene anamupatsa kumtunda, anavula jekete, nagona mawindo ali otsegula. Makina sanawafune.

M'mawa mwake bwana anatiitana ku ofesi. Anali wosangalala. Anati mlendo wayamikira ukhondo wa boti, ndiponso ulemu umene a Kapiteni anamuchitira ku Usisya. Za nyumba sanatchulenso. Anafunsa chifukwa chimene tinaponyera nangula, ndipo ndinamufotokozera za mchenga ndi mphepo. Za ufa sindinanene.

"Ndiye kuyambira lero muziponya nangula paliponse," anatero. "Makinawa ndi odula. Ine a Kapiteni azinditsitsa monga anachitira dzulo."

"Chabwino, bwana," anatero Ada.

Anakhalabe pantchito, ndipo akazi awo ndi adzukulu anakhalabe m'nyumba ija. Zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko, ku Kande, ku Tukombo ndi ku Usisya, bwana ankatsika boti ali pamapewa pawo. Asodzi analeka kusiya maukonde boti likamafika.

Nkhani ya ufa wonyowa inafika ku Tukombo ife tisanapiteko. Mlongo wawo sanabwerenso kugombe kwa nthawi yaitali, ndipo Ada sanathenso kubweza mayi aliyense wobwera ndi kathumba. Mwezi usanathe, chipinda chinkadzazanso ufa pa maulendo onse opanda bwana. Ndinayesa kuyala lona pamipando, ndinayesa kumata pakamwa pa bokosi ndi nyuzipepala zakale. Zinkathandiza pang'ono. Ufawo unkalowabe.

Choncho Loweruka lililonse, anzathu akapita kumpira, ife tinkatsikira kugombe ndi ketulo, mswachi, waya wa buleki ndi beseni. Ndinkamasula chivundikiro n'kukwera pampando. Ada ankaimirira pansi, beseni lili kukhoma pamwamba pa felemu, manja ali m'mwamba. Chaka chachiwiri mapewa awo anayamba kuvuta, ndipo tinkapuma pafupipafupi.

"Mwatsala pang'ono, a Nyuzi?"

"Ndili pakati, Ada."

"Sabata yatha munanenanso choncho."

"Tsitsani beseni mupume."

"Tsukani, madzi azizira."